A Eliécer ndi Nthanga ya Peyala

Mwa onse operekeza alendo m'nkhalango ya paphiri lathu lofuka utsili, a Eliécer Solano okha ndiwo ankasaka mbalame atazolika. Alendo ankachokera kutali kudzaona ketsali, mbalame yobiriwira ya mchira wautali ija, ndipo ankalowa m'nkhalango ndi magalasi oonera patali, makosi ali m'mwamba ngati nkhuku zikumwa madzi. A Eliécer sankazilola zimenezo.

"Tsitsani magalasiwo, mayi. Mukuonako chiyani kumwambako?"

"Nkhungu."

"Kwanu kulibe nkhungu?"

Nzeru yawo inali iyi: ketsali imameza peyala lam'tchire lathunthu, n'kukhala duu panthambi, kenako n'kulavula nthanga. Iwo ankangoima pansi pa mtengo kudikira. Nthanga ikati tho pamasamba, ankaloza ndi ndodo osadzutsa mutu, mbalame n'kupezekadi pomwepo. Wolongolola ankamubweza. Mkulu wina wa ku Germany atayetsemula kawiri, anamuuza kuti akadikire m'basi limodzi ndi chimfine chakecho. Ngakhale phiri lenilenilo likagunda, ankalidzudzula: "Iwenso taleka, anzako tili pantchito."

Chaka china kunabwera woyang'anira watsopano, Randall Montero, wa madigiri awiri, amene ndinamuphunzitsa ndekha masamu ndipo mpaka lero sanamve. Atamva mphekesera zoti maso a nkhalambayo anatha, anaiitanitsa mu ofesi. Kalata yoipumitsa ntchito inali kale patebulo. Randall anaimika dzanja, n'kuyamba ndi dzina laulemu lakwathu.

"Don Eliécer, zala zingati izi?"

"Zala zanu zomwe simukuzidziwa, bwana?"

"Musandizembe, madala. Munthu wosaona sangatsogolere anthu pafupi ndi chiphompho chamoto. Lachisanu mubweze yunifolomu."

"Tiyeni tikayende kaye mawa. Mukayamba ndinu kuiona mbalame, ndikuvulirani pompo, ndi nsapato zomwe."

M'mawa mwake kunagwa nkhungu yoti munthu osaona bondo lake. Randall anazungulira mtengo ola lathunthu ndi chimagalasi chake mpaka khosi linauma. A Eliécer anali pachitsa, akumwa khofi wa m'fulasiki.

"Tasunthirani kumanzere pang'ono, bwana," anatero pomaliza. "Pang'ononso. Basi, imani pomwepo."

Sipanapite nthawi, nthanga yonyowa inatera pachipewa cha bwanayo.

"Yakupatsani moni. Tsopano mutha kuyang'ana."

Randall anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Kalata ija sanaing'ambe, anthu amtundu wake sang'amba pepala. Anaitsekera m'dirowa n'kulamula kuti a Eliécer asamafikenso m'mphepete mwa chiphompho. Kupepesa ndiye ayi. Nkhalamba inagwirabe ntchito zaka zina zisanu ndi chimodzi.

Mwezi womaliza, miyendo itayamba kukana, ndinkawaperekeza ndine. Tsiku lina nthanga itagwa, anandigwira mkono.

"Aphunzitsi, yamphongo?"

"Yamphongo."

"Pachifuwa pakadali pofiira ngati kale?"

Ndinati inde. M'pamene anandiuza kuti mbalameyo anaiona komaliza chaka chimene mkazi wawo, doña Hortensia, anamwalira. Zaka khumi ndi zinayi anakhala akuonetsa anthu chinthu chimene iwo sankachiona, ndipo palibe mlendo anabwererapo wosaiona.

Tinawaika m'manda mu Novembala, mvula ikugwa. Nkhata ya maluwa ya ku ofesi inafika tsiku lotsatira.

Masiku ano operekeza alendo amangoliza kulira kwa mbalameyo pafoni kuti ibwere msanga. Poyamba inkabweradi, n'kumauluka uku ndi uku kufunafuna mnzake amene kulibe. Itatopa inasamukira kuseri kwa phiri kumene kulibe njira. Alendo amabwerera kubasi akucheza mokweza, akuonetsana zithunzi za nkhungu, ndipo m'nkhalango monsemo mulibe wowauza kuti akhale chete.