Chigayo cha masiku atatu

Mpaka lero ndikadutsa pachipatala chija ndimayang'ana pansi.

Mpingo wathu suloleza mankhwala. Mwana akadwala timamumanga kachingwe kodalitsidwa pamkono, mbwenu kupemphera. Koma Tawonga wanga atatentha thupi masiku awiri, bere kukana, maso kutembenuka, bambo ake ali ku Joni, ndinathawa naye. Apongozi ndinawauza kuti ndikupita kuchigayo ku Jenda. Ndinasenzadi chimanga (chinakafika nane mpaka ku Boma, chili pamiyendo m'minibasi).

Duku loyera la kumpingo ndinalikwirira m'chimangamo. Polembetsa pachipatala ndinati mwanayu ndi Chisomo Banda.

Ndinakhala pabenchi, maso kukhomo, kuopa wakwathu angalowe. Anesi anaitana, "Chisomo Banda!" Zii. Anaitananso. Ine nkumacheuka nawo, mpaka ndinanong'oneza mayi wapambali kuti, "Azimayi ena kusasamala chomene." Analowa anthu asanu, Tawonga akungotentha kumsana.

Kenako anesiwo, aatali, Chichewa chawo cha ku Dedza, anadzaima patsogolo panga. "Amayi a chimanga, Chisomo si ameneyu?"

Mkati, atatenga dzanja la mwana kuti aike diripi, kachingwe kaja poyera! Ndinakaluma kuti ndikadule ndi mano.

"Siyani, amayi. Mulungu anamupatsa manja awiri mwanayu. Ili la kachingwe, ili langa."

Ndinalira. "Simukawauza kwathu?"

"Za m'chipinda muno zimathera muno. Malungowa ndi aakulu, sadikira, koma singano ndibaya mukavomera inuyo. Mukufuna kupemphera kaye? Pempherani ndikukonza. Kungoti mundiuze dzina lenileni, ndingamapempherere mwana wa eni."

Ndinavomera. Ndinatseka maso kuti ndipemphere chamumtima, koma pakamwa panazolowera zakwathu. Ndinapezeka ndikufuula, ndikuponda pansi (wodi yonse inadziwa mpingo wanga, duku lili phee m'thumba). Anesi anangoti ameni, diripi ili kale m'dzanja.

Tsiku lachitatu Tawonga anayamwa mpaka kundiluma. Ndinangoti, "Yewo chomene, anesi."

Kufika kunyumba, apongozi anayang'ana chimanga chosagaya, anayang'ana kapulasitala padzanja la mdzukulu wawo. Anakamatula pang'onopang'ono nkukaponya pamoto.

"Magetsi a ku Jenda akuvuta masiku ano," anatero, mokweza kuti aneba amve.

Ulendo wina ndikanena dzina lenileni. Koma chimanga ndidzasenzabe.