Nkhope ya Achimwene pa Kanema

Lolemba

Pepala la kafukufuku latha. Chatsala ndi kanema, ndipo mtima uli m'mwamba.

Aphunzitsi anga a kuyunivesite akuti pepala lokamba za anthu osamva lisatuluke lokha. Lipite ndi kanema wa m'chinenero chamanja, eni nkhani adzionere okha. Akumufuna Lachisanu. Loweruka ndikaonetsa gulu lathu la Amalawi osamva, kuholo ya tchalitchi kuno ku Mamelodi.

Ndinawajambula kale akufotokoza za ntchito zawo kuno ku Joni. Mmodzi mwa iwo ndi achimwene anga enieni, a Fatsani, amene anandiphunzitsa kuyankhula ndi manja. Amagwira ntchito ya m'gadeni ku Brooklyn, dera la anthu olemera kuno konkuno, mapepala awo okhalira m'dziko muno anatha, ndipo m'kanemamo ananena zonse za adona awo, mpaka za kapu yomwera madzi achimwenewo, imene imakhala kugalaja pamodzi ndi mankhwala a makoswe. Ndinawalonjeza kuti palibe adzawazindikire.

Zochita sabata ino:
- kuphimba nkhope
- kulemba mawu m'munsi
- kugona

Adona akaona kanemayu, ntchito yatha. Apolisi akamuona, ndi basi ya ku Mwanza, kubwezedwa kumudzi.

Lachiwiri

Ndaphimba nkhope zonse pa kompyuta. Zatheka bwinobwino, moti ndadzithokoza ndi chipisi. Kenako ndakhala pansi kuonera.

Mayo ine! Munthu woyankhula ndi manja, theka la nkhani limakhala pankhope. Zimenezi ndalemba ndekha m'pepala muja, mutu wathunthu. Mai Nabanda, amene amachapa ndi kusita m'nyumba za anthu, akufotokoza tsiku limene anabisala m'bafa apolisi ali pageti. Popanda nkhope akungooneka ngati akukanda ufa wa mandasi. Achimwene kaya akudandaula kaya akuyamika, sindikudziwa, mlongo wawo ine.

Lachitatu

Nzeru ina: kuphimba maso okha ndi kamzere kakuda. Achimwene tsopano akuoneka ngati munthu woti wagwidwa kale.

Ndiye maso anga ayamba kuona zina:
- chala chawo chimene chinadulidwa ndi makina otchetchera kapinga, chikuvina patsogolo penipeni
- geti la adona kumbuyo kwawo, nambala ikuoneka bwino kuposa munthu
- galu wa adona, akudutsa modzikuza

Ndinawaimika pageti paja chifukwa panali powala bwino. Powala!

Madzulo ano galimoto ya apolisi yaima pakona pathu. Ndatseka laputopu, ndaiika pansi pa matiresi, ndakhalapo. Anthuwo akungogula ndudu pa sipaza, kaokala ka pakonapo, koma ine sindikuchokapo mpaka apite.

Lachinayi

Aphunzitsi pa foni: "Udzijambule wekha, ubwereze zimene iwo ananena. Ofufuza ena amatero."

Amatero, eti. Ndapachika nsalu ya buluu pakhoma, foni ndaitsamiritsa pa botolo la mafuta ophikira. Ana a landilodi ali mbwembwembwe pawindo kunditsanzira. Magetsi azima ndili m'bafa la Mai Nabanda, apolisi asanachoke n'komwe.

Vuto lina ndi mayina. Anthu osamva amapatsana mayina a manja, ndipo la adona a achimwene ndi kutsina mphuno uku ukuyang'ana kumwamba. Gulu lonse limalidziwa, ndi ana omwe. Ndalichotsa, ndaikapo "bwana wamkazi". Nkhani yazizira ngati tiyi wa dzulo.

Ndatumizira achimwene kachidutswa. Ayankha ndi kakanema kawo, ali m'shedi: "Ukuchita ngati wowerenga nkhani pa wailesi ya kanema. Ine pamenepo ndinakwiya. Kwiya."

Ndayesa kukwiya pagalasi. Ndikuoneka ngati dzino likundiwawa.

Lachisanu

Sindinatumize. Ndauza aphunzitsi kuti ndi magetsi. Iwo: "Eish. Chabwino, usadutse Lamulungu." Zoona zake n'zakuti ndikuopa kutumiza gulu lisanaone, ndipo ndikuopanso kuti gulu lione.

Mantha a lero:
- akaona nkhope yanga adzati ndawabera nkhani zawo
- ndikatumiza woyamba uja, adona ali ndi mdzukulu amene amaphunzira payunivesite pomwepa
- amayi kumudzi akamva kuti achimwene abwezedwa chifukwa cha sukulu yanga, ndidzawayang'ana ndi maso ati?

Ndajambulanso mbali ya achimwene, ndipo tsopano mkwiyo ukubwera, koma ndikukwiyira ine ndemwe.

Loweruka

Holo yadzaza. Ena achokera ku Winterveld, matakisi angapo. Mai Nabanda amanga duku latsopano, akuti akufuna kudzionera atatchena. Akhala patsogolo.

Ndayatsa. Pakhoma pali ine. Ine wochapa, ine wa m'gadeni, ine wobisala m'bafa. Manja onse m'holomo ali pamiyendo, ndipo kwa anthu osamva umenewo ndiye chete weniweni.

Atatha, Mai Nabanda akweza manja: "Nanga ine ndili kuti? Unandisiya m'bafa momwemo?"

Anthu aseka, kenako mkangano. Ena akuti nkhope zioneke, tatopa kubisala. Ena akuti amene ali ndi mapepala asamalankhule mokweza. Manja akuuluka mbali zonse, ine sindikutha kuwatsatira. Bambo wina wachikulire wandigwira phewa n'kundiuza kuti ndayesetsa, koma chala chapakati ndimachipinda ngati munthu wakumva. Ndathokoza.

Ine ndi achimwene tayenda mpaka pa renki. Tili pamzere wa takisi ndi pamene atembenuka.

"Kuchipatala umandiyankhulira iwe. Kwa adona, iwe. Ndimati ulendo uno anthu aona ine."

Ndawafunsa ngati ndibwezeretse kanema wawo, geti ndi galu ndingachotse. Ayang'ana kumbali. Munthu wosamva akayang'ana kumbali sungamuuzenso chilichonse, umangodikira. Ndadikira.

"Lolemba ndili kuntchito. Tumiza wakowo."

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, Mai Nabanda amakhala pafupi ndi khomo.

Ndatumiza. Pepala lili ndi dzina langa, kanema ali ndi nkhope yanga. Achimwene m'pepalamo ndi "wofunsidwa wachitatu". Aphunzitsi ayankha kuti zatuluka bwino kwambiri, nkhope yanga ikuonetsa kumva kuwawa kwenikweni. Ndi mantha amenewo, koma ndangowasiya.

Malamulo a kafukufuku akuti makanema oyamba aja ndifafanize. Wa achimwene ndaonera komaliza. Akufotokoza bwino kuposa ine kutalitali, nsidze zikugwira ntchito, manja akuthamanga, ndipo pena pake akuseka okha. Chifikireni ku Joni sindinawaonepo akuyankhula nthawi yaitali chonchi popanda wowadula. Zandiwawa.

Ndawafunsa ngati akufuna ndiwatumizire asunge, azionera okha. Akuti ayi, apolisi akaimitsa munthu pamsewu amatha kutsegula ndi foni yomwe.

Ndiye ndafafaniza.