Tsamba la a Kamchacha

Foni yanga ilipo, sinagulitsidwe. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa pali anthu ena kusukulu kwathu amene akufalitsa zoti inapita pa msika wa Mitundu. Sinapite. Kungoti masiku ano ndikafuna kuigwira ndimayamba ndagwada kaye.

Zinachitika teremu yachiwiri, ndili Fomu 3. Apo n'kuti nditagwidwa kale kawiri: koyamba chifukwa choika chule m'bokosi la choko, kachiwiri chifukwa choliza belu lowerukira nthawi ya 10 koloko m'mawa (sukulu yonse inamvera, ena mpaka anakafika kwawo). Ulendo wachiwiriwo bambo anga anasiya fodya m'chigafa kupita kukaonekera kwa ahedi. Pobwerera sanakalipe. Anangoti, "Ndikadzaitanidwanso kusukulu, foni ija ndikagulitsa." Bambo anga salankhula kawiri.

Laibulale yathu ndi kachipinda koyandikana ndi ofesi, ndipo kiyi wake amasunga ndi a Kamchacha, aphunzitsi a Chichewa. Ndi munthu wosaseka, wovala tayi ngakhale tsiku la masewera. Mabuku a m'menemo ndi akale ndithu, ndipo chiswe chawerenga ambiri kuposa ife.

Lolemba lina a Kamchacha anandiitana. Anali atapita kumsonkhano ku Nathenje, kumene aphunzitsi osunga malaibulale anauzidwa kuti aliyense atsegule tsamba la mchezo, alowenso m'gulu lawo la pafoni kuti azidziwana ndi kugawana mabuku.

"Iwe, akuti za m'mafonizi umazidziwa."

"Pang'ono, Sala."

"Pang'ono pomwepo. Khala apo."

Ndinawatsegulira tsamba, n'kuwalowetsa m'gulumo. Mpaka apa ndinali mwana wabwino, ndipo ndikupempha kuti zimenezi zikumbukiridwe.

M'mawa mwake anandiitananso. M'gulu muja wina anali atalemba kuti, "Takulandirani a Kamchacha. Tumizani tsamba lanu kuti tikutsatireni."

"Tsamba lake liti?" anandifunsa.

Tsono kwathu kuno, mwezi wa Malichi, munthu akati tsamba amanena chinthu chimodzi basi. A Kamchacha nawonso ali ndi kamunda ndi chigafa kuseri kwa nyumba za aphunzitsi. Ine sindinakonzekere chilichonse. Yankho linangotuluka lokha.

"La fodya, Sala. Ndi mwambo wa pagulupo. Aliyense wolowa kumene amaonetsa zimene amalima kwawo."

"Oho. Nanga a m'tauni amaonetsa chiyani?"

"Maluwa, Sala."

Anagwedeza mutu, nati n'zomveka.

Lachitatu chithunzi chinali chitalowa m'gulu. A Kamchacha ataima m'chigafa, tayi ali m'khosi, atanyamula tsamba la fodya ndi manja awiri ngati satifiketi. M'munsi mwake analemba motere (ndinaloweza, ndipo ndi chinthu chokhacho cha a Kamchacha chimene ndinalowezapo): "Okondeka aphunzitsi anzanga, tsamba langa ndi limeneli. Mvula inadula pakati koma tayesetsa. Amene mukufuna kunditsatira, mukafika pa Mitundu mupitirire, pachigayo mukhote kumanzere. Ine wanu, Kamchacha."

Pansi pake panali tinkhope tija toseka mpaka misozi, mzere wautali ngati wa pamjigo.

"Akulira chiyani anthuwa?"

"Nkhani ya mvula ija, Sala. Yawakhudza."

Analemba ndi chala chimodzi: "Musalire abale. Chaka chamawa tidzalimanso."

Ndinapempha kupita kuchimbudzi. Ndinakasekera kuseri kwake mpaka nthiti kuwawa, ndipo mwana wina wa Fomu 1 anathamanga kukauza amadamu kuti ndagwa khunyu.

Chimene ndinaiwala ndi chimodzi. Azakhali anga, alongo awo a bambo, ndi mphunzitsi ku Nathenje, ndipo laibulale ya pasukulu pawo amasunga ndi iwowo. Dzina lawo linali pamndandanda wa anthu a m'gulumo tsiku limene ndinkalowetsa a Kamchacha. Ndinauona mndandandawo. Kungoti kuwerenga si mbali yanga kwenikweni.

Lachisanu poweruka a Kamchacha anandiimitsa pakhonde. "Mawa ubwere 8 koloko. Kuli alendo. Akunditsatira." Ndinawayang'ana kumaso kuti mwina ndione kanthu. Nkhope ya a Kamchacha ndi imodzimodzi pa ukwati ndi pamaliro.

Loweruka m'mawa panafika njinga zamoto ziwiri zili matope okhaokha. Ina inanyamula makatoni. Pa inayo panatsika azakhali.

"Sala, njira munalongosola bwino," anatero akukutumula chitenje. "Pachigayo takhota kumanzere."

"Mwatitsatiradi, amayi. Lowani."

Azakhali anafotokoza kuti gulu lija linali lozizira, anthu ankangotumizirana moni ndi mavesi, mpaka tsiku la tsamba lija. Kuyambira pamenepo aliyense ankafunsa kuti bambo ameneyu akusowa chiyani, ndipo masukulu angapo anasonkha mabuku amene anali nawo awiriawiri. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ndinawaimbira Lachinayi, kuwafunsa amene akuwaphunzitsa zimenezi. Atangoti mtsikana wa Fomu 3, ndinati dzina musatchule, ndinamusambitsapo ameneyo."

Ndiye kuti Lachisanu lonse a Kamchacha ankadziwa. Ndinagwada pansi. M'mutu mwanga ndinkaona foni yanga ili pathebulo pa msika, pakati pa matochi ndi maloko.

"Sala, chonde, kwa ahedi kokha..."

"Kwa ahedi kukatani? Iwe watibweretsera mabuku." Anatsegula dilowa, natulutsa chidindo cha laibulale ndi inki. "Koma popeza nkhani za masamba ndiwe katswiri, buku lililonse udinde tsamba loyamba, lapakati ndi lomaliza. Lapakati uziwerenga bwinobwino, lisakhale longoganizira."

Ndinadinda mpaka dzuwa kupendeka. Inki inafika m'zala, pa bulauzi, ndi pamphuno (mpaka lero sindidziwa kuti inadzera kuti). Ndili mkati modinda ndinamva foni kulira kuti tcha. A Kamchacha anali atandijambula, okha, popanda wowathandiza. Anatumiza m'gulu muja ndi mawu akuti, "Mlangizi wanga wa za masamba ali pantchito." Patapita kanthawi ananditembenuzira foni. Tinkhope tija tinali titayamba kale kufola.

"Taona," anatero. "Akulira. Zawakhudza."

Sanaseke. Azakhali ndi amene anaseka m'malo mwawo.

Kwa ahedi nkhani sinapite, koma azakhali sangafike dera lino osadzera kwa mlongo wawo. Tinapeza bambo ali pakhonde akusoka fodya. Anamvetsera nkhani yonse singano ili m'manja, kenaka anapempha kuona chithunzi cha a Kamchacha. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali nditayamba kale kutsanzikana ndi foni mumtima.

"Tsamba limeneli ndi limene anthu ayendera kuchokera ku Nathenje?"

"Lomwelo, achimwene."

"Lopyapyala chonchi? Lamadonthomadontho?"

Anadzuka, nalowa m'chigafa, natuluka ndi tsamba lawo, lalitali ngati mkono wanga.

"Bweretsa foni."

"Bambo, kusukulu simunaitanidwe."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikugulitsa. Bweretsa."

Kuyambira tsiku limenelo foni imagona m'thumba la jekete lawo. Ndinawatsegulira tsamba lawolawo (la pafoni, osati linalo), ndipo muli zithunzi za fodya zokhazokha, wina ali m'munda, wina ali m'chigafa, wina atamusanja pamkeka. Owatsatira ndi azakhali ndi a Kamchacha. Ine ndimabwereka Lamulungu masana, akakhala kuti adzuka bwino.

Anzanga amafunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira kuti mndandanda wa maina uyenera kuwerengedwa mpaka pansi. Kupatula apo, laibulale ili ndi mabuku atsopano, ndipo palibe amene wabwera kudzandithokoza.

Dzulo bambo anandifunsa kuti anthu akamati "ponyani chithunzi" amatanthauza kutani. Yankho linafika kale pamilomo, labwino kwambiri. Ndinalimeza. Foni imene angaiponyeyo ndi yanga.