Boti Lopanda Usipa

Anzanga, mukadzafika ku Senga Bay n'kumva amayi ogula nsomba akufunsana kuti, "Kodi limeneli ndi boti lenileni kapena la akamwini?" musadzavutike kufufuza kuti akamwiniwo ndani. Ndine. Koma ndikuuzeni, zonsezi zinayamba ndi mtima wabwino, ine sindinadzuke tsiku limenelo ndi cholinga chonyowetsa akazi a eni ake.

Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, za nyanja ndinazidziwira ku ukwati. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga Esinati, pafupi ndi gombe, ndipo ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina. Chifukwa choti ndimaswera pa kompyuta, pamudzi amanditenga ngati katswiri. Foni ya munthu ikavuta amabwera nayo kwa ine, ine n'kuizimitsa n'kuiyatsanso, ulemu n'kumangokula.

Apongozi anga aamuna, a Mbewe, anali msodzi moyo wawo wonse, woyendetsa boti la injini. Chaka chatha anadwala sitiroko, mwendo wamanzere n'kufooka, ndipo chibwerereni kuchipatala anangoti zii. Adokotala anati kulankhula angathe, koma iwo sankafuna. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana kunyanja, ukawapatsa moni n'kungogwedeza mutu, munthu amene kale akaseka ankamveka mpaka kumsika. Esinati ankalirira kuseri kwa nyumba, ndipo ine zinkandipweteka kwambiri, chifukwa mkuluyu anandilandira ngati mwana wake ngakhale sindidziwa n'kupalasa komwe.

Tsiku lina ndinaona ana a mlendo ku loji akusewera gemu ya mpikisano wa maboti, nzeru n'kundibwerera. Ngati bambo sangayendetsenso boti panyanja, bwanji aliyendetse pa laputopu? Ndinaikitsa gemuyo pa laputopu yanga, kenako ndinakwera minibasi kupita ku Salima kukagula padi, kachipangizo kokhala ndi mabatani komwe umagwira ndi manja awiri posewera. Ndinasankha yopanda nthambo, kuti ndioneke wamakono. Wogulitsayo anati, "Iyi bwana ndi ya bulutufu, mukangoyatsa basi zimapezana zokha." Ine n'kugwedeza mutu ngati ndazichitapo, kufunsa zambiri ndinachita manyazi.

Tsono muyenera kudziwa zinthu ziwiri. Choyamba, inali nyengo ya mphepo ya mwera, maboti ambiri anali pamtunda, usipa ukusowa. Boti limodzi lokha ndi lomwe linalimba mtima n'kulowa panyanja, ndipo amayi onse ogula nsomba, Esinati wanga ali pomwepo, anali pansi pa mtengo ndi mabeseni awo kulidikira kuyambira m'mawa. Pagombe pathu amene wayamba kuponya beseni lake m'boti ndiye amayamba kugula, ndiye injini ikangomveka palibe amayenda, onse amathamanga mpaka kulowa m'madzi. Chachiwiri, kuseri kwa mpanda wathu kuli babashopu ya Yohane, ndipo Yohane ali ndi chimkuzamawu chachikulu pamtengo, choloza kugombe, chomwe amaimbirapo nyimbo za mufoni yake. Masana amenewo anali atapita kukadya, foni ili m'thumba, chimkuzamawu atachisiya chiyakire.

Ine ndinayala mphasa pakhonde, laputopu pakampando, n'kunena mwaulemu, "Bambo, ndakubweretserani boti." Sanandiyang'ane n'komwe.

Ndinayatsa padi, kagetsi kake kanathwanima kamodzi n'kuzima. Ndinatsegula bulutufu pa laputopu, panabwera dzina limodzi lokha, la zilembo zosakanikirana ndi manambala. Tsono inuyo mukanaganiza kuti n'chiyani? Chinthu chomwe ndayatsa ndi chimodzi, dzina labwera limodzi. Ndinadina, laputopu n'kuvomera kuti zalumikizana, ine mtima m'malo.

Gemu inatseguka, boti lofiira lili pamadzi, koma phokoso kunalibe. Ndinadina mabatani onse a padi, boti osasuntha. Ndinati mwina padiyo ikufuna kuzolowera kaye, ndiyambe ndayesa ndi mabatani a pa laputopu. Nditangodina loyendetsera, boti langa linanyamuka, ndipo nthawi yomweyo kunja kunamveka injini, yamphamvu, ngati boti likubwera lodzaza.

Pansi pa mtengo paja panangotsala mapatapata. Amayi anathamanga, mabeseni pamutu, zitenje atakwinya m'chiuno, mchenga ukuuluka. Ine ndinadzutsa mutu n'kunena, "Bambo, boti lija lafika, lero tidya usipa." Ndipo ndinakwiya pang'ono kuti boti limeneli lasankha nthawi yolakwika, likundisokoneza kumva ngati laputopu yanga ikulira. Ndiye ndinachita chiyani? Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto.

Nditachotsa chala pa batani kuti nditchere khutu ku laputopu, injini ya kunja ija inatsikanso n'kumangoguguda pansipansi. Amayi anaima m'madzi ofika m'mawondo, manja pamphumi, kuyang'ana uku ndi uku, panyanja pali mafunde okhaokha. Kenako anayamba kutuluka mmodzimmodzi akudandaula kuti mwina mphepo yawanamiza. Ine pamenepo sindinaone kugwirizana kulikonse. Mwana wa ku Dedza, ndinangoganiza kuti maboti amatero.

Ndi pomwe ndinamva mawu omwe tinali titawasowa m'nyumba muja. Apongozi anga, maso ali kugombe, anati pang'onopang'ono, "Akamwini, dinaninso."

Anzanga, misozi inalengeza. Bambo alankhula, ndipo alankhula ndi ine, nzeru yanga yagwira ntchito. Ndinadina ndi mphamvu zanga zonse. Injini inabangula, amayi omwe anali atafika kale pamchenga anatembenuka n'kubwereranso m'madzi, ulendo uno mpaka m'chiuno, chifukwa aliyense ankaganiza kuti mnzake waliona. Mayi a Gift, omwe ndi aakulu thupi ndipo sagonja pa nkhani ya usipa, anaponya beseni lawo kutsogolo kuti agwire malo, beseni n'kuyamba ulendo wopita ku Mozambique.

"Siyani kaye," anatero bambo. Ndinasiya. Anadikira mpaka amayi atatuluka n'kuyamba kufinya zitenje. "Tsopano."

Ndinadinanso, ndikumwetulira ngati mwana wopatsidwa switi, n'kumawafotokozera kuti, "Mwaona bambo, ili ndi lokhotera kumanja, ili kumanzere." Iwo laputopu sankayiyang'ana n'komwe. Mapewa awo ankagwedezeka, ine n'kumati mwina akumva kuzizira.

Chinandiulula ndi kusadziwa kwanga kuyendetsa. Boti langa lofiira linawomba mwala, ndipo gombe lonse linamva chiphokoso cha ngozi, kenako kanyimbo kachisoni, kenako mawu a mzungu wamkazi akulengeza m'Chingerezi kuti ndaluza, ndiyesenso. Amayi onse anatembenuka pamodzi kuyang'ana pamtengo wa Yohane. Yohane naye anali akubwera chothamanga, m'manja mudakali nsima, asanasambe, akulumbira kuti foni yake ili m'thumba ndipo mulibe nyimbo ya injini. Anasuzumira pampanda, n'kuona ine, laputopu, ndi boti langa likumira.

"Achimwene," anatero, "mwalowa mu sipika yanga."

Sindinaonepo khamu la amayi onyowa likuyenda mwadongosolo chonchija. Anadzaza pabwalo pathu, madzi akudontha, mayi a Gift patsogolo opanda beseni. "Akamwini, tinakulakwirani chiyani? Inu mumadya kuloji, ife tikudikira usipa wa ana, inu n'kumatiseweretsa ngati nkhuku?" Ine ndinatembenukira kwa bambo kuti andichitire umboni, kuti anene kuti kudina koyamba kokha ndiye kunali kwanga. Mkuluyo anali atabwerera kukhala chete kwake kuja, nkhope yowongoka, maso kunyanja, wodwala weniweni. Ndinagwada pamphasa n'kupepesa, padi idakali m'manja, ndipo ndinalonjeza kuti beseni ndigula lina.

Esinati anafika pomalizira, chitenje chitamatirira, tsitsi lomwe anamangitsa dzulo lake lodzaza mchenga. Anandiyang'ana ndi diso lomwe ndimalidziwa, lotanthauza kuti tikambirana anthu akapita. Anatsegula pakamwa kuti ayambe, ndipo pomwepo bambo analephera kudzigwira. Kunayamba ngati chifuwa, kenako kuseka kwenikweni, kuja komveka kumsika, akumenya mpando ndi dzanja, akuloza mayi a Gift n'kumati, "Beseni... beseni lapita kukagula lokha!"

Amayi onsewo anakula akugula nsomba m'boti la a Mbewe, ndipo ankadziwa kuti papita nthawi yaitali bwanji asanamve mawu amenewa. Esinati anakhala pansi pomwepo pamchenga n'kuyamba kulira, akuseka, akulira. Mayi a Gift anapukuta m'maso ndi chitenje chonyowacho n'kunena, "A Mbewe, mwachira eti? Koma beseni langa mkamwini wanuyu agula ndithu."

Madzulo ake Yohane anandionetsa kuti padi ija umayenera kudina mabatani awiri pamodzi, osachotsa zala mpaka kagetsi kayambe kuphethira, ndi pomwe dzina lake limabwera pa laputopu. Ine ndinati zikomo, koma ayi. Ndinakagula nthambo yaitali, yooneka ndi maso, yoti ukaitsatira ndi chala umadziwa komwe yathera. Bambo tsopano amasewera masana aliwonse, amandipambana mosavuta, ndipo amanyoza injini ya mu gemuyo kuti ikumwa mafuta ambiri.

Ndinalumbira pamaso pa mkazi wanga kuti ine ndi zinthu zopanda nthambo tinasiyana, dzina lililonse lobwera lokha pa laputopu sindidzalidinanso. Vuto ndi lakuti lumbiro limeneli ndinalumbira ndekha. Dzulo lomweli amayi ali pansi pa mtengo kudikira boti, ine ndikudutsa pakhonde, ndinamva wina akundikoka malaya. Bambo anayang'ana kumpanda, n'kuyang'ana kugombe, kenako anandinong'oneza:

"Akamwini, Yohane wapita kukadya."