Bambo Malizani ndi Makina Awo a Nthunzi

Ku Kawale konse kunalibe munthu wodana ndi mpweya wouma ngati malemu Bambo Malizani. Mwana wawo Jacqueline, namwino, anawagulira kamakina kamagetsi kotulutsa nthunzi yozizira kuti chifuwa cha fumbi chiwaleke. Chifuwa chitaphwa, mkuluyo anasanduka dokotala wopanda satifiketi. Ukangotsokomola podutsa pakhomo pawo, wagwidwa.

"Lowa, iwe. Kukhosi kwakoko kwauma ngati msewu wa ku Chinsapo."

"Ndikuthamangira minibasi, Abambo."

"Minibasi ndi zambiri, mwanawe. Mapapo ndi awiri okha."

Tsiku lina Mayi Irene, ogulitsa masamba, anadandaula kuti mpiru ukufota ndi dzuwa la Okutobala. Bambo Malizani anausanja mpiruwo pasofa moyang'anizana ndi makina, ngati odwala pamzere wa kuchipatala, akazi awo n'kukhala pansi. Kwaya ya kutchalitchi kwawo inafewetsa makosi pabalaza pomwepo isanapite kumpikisano, ndipo itapambana mkuluyo anati chikhocho n'chawo.

Atawonjeza n'kumayatsa makina tsiku lonse mawindo ali chitsekere, khoma linachita chuku.

"Bambo a Jacqueline, posachedwapa tizula bowa kuseri kwa kabati," anatero mayi a kunyumba.

"Ndiwo zaulere mukuzikana?"

Komabe anamva. Kuyambira pamenepo ankatsuka makinawo tsiku ndi tsiku, n'kuthiramo madzi owiritsa okha.

Chaka china khanda la Lonely, wa nyumba yoyandikana nawo, linatsekeka m'mphuno mpaka kulephera kuyamwa. Bambo Malizani anamuuza kuti ayambe wapita nalo kuchipatala, ndipo pobwerako anapeza makina ali kale m'chipinda mwake. Masabata atatu mkuluyo anatsokomola osadandaula, khanda likupuma bwino.

Bambo Malizani anatisiya mu Seputembala, fumbi lili pachimake. Pa tsiku la maliro, popanda wowauza, amayi a nyumba zonse za mumzerewo anatuluka ndi zidebe n'kuwaza madzi msewu wonse, kuchokera pakhomo mpaka pamsewu wa tala. Mayi Malizani ataona, anapukuta misozi n'kuseka.

"Akanati mwathira ochepa," anatero.

Masiku ano khonde lawo limakhala zii. Anthu akafika pamenepo amachepetsabe liwiro, ena n'kuyang'ana kukhomo, kenako amapitirira ulendo.