Za Foni Imene Munagwira Zaka 120 Zapitazo

Kwa Olemekezeka Wapampando wa Bodi ya Nyumba Yosungiramo Zakale,

Bwana, tisanalonjerane, pali zitatu zoti tithane nazo: foni, wotchi, ndi inuyo.

Tsopano moni, ndipo zikomo kwambiri. Chithunzi chimene mwajambulitsa pakhoma, cha tsiku limene sitima yoyamba inafika m'tauni muno, chandisangalatsa moti ndikungoseka ndekha m'khonde. Ndinatha zaka zinayi ku koleji, koma palibe buku limene linandiuza kuti inunso munalipo, kutsogolo kwenikweni, mutavala suti, mukuimitsa sitimayo ndi dzanja limodzi. Mwatitsegula maso!

Chikundidetsa nkhawa ndi kachikwangwani kofotokoza chithunzicho, poti pansi pake pamakhala dzina langa.

1. Chinthu chopezeka m'nthawi imene si yake, pantchito pano timachitcha "chosochera nthawi". Chilipo cha mitundu iwiri. Mtundu woyamba umafika msanga, monga foni ili m'dzanja lanu linalo. Ndaiyang'anitsitsa ndi galasi lokulitsira: batire ladzaza, netiweki ilinso bwino. Magetsi anabwera patapita zaka makumi atatu. Munkatchaja kuti, bwana? Alendo adzafunsa ine.

2. Pachithunzipo, wotchi yanu ikuti 10 koloko, ya pasiteshoni ikuti 3. Ndabwererako kasanu, sizikusintha.

3. Mtundu wachiwiri umakana kuchoka nthawi yake itatha. Ndimati ndipereke chitsanzo cha makina athu otayipira, koma posanja mafayilo ndinapeza kalata yoti nthawi yanu pampando inatha zaka zitatu zapitazo. Ndinalumpha ndi chimwemwe. Mitundu yonse iwiri mwa munthu mmodzi! Nyumba zinzathu zichita nsanje.

Chionetsero titsegula Lachisanu. Aphunzitsi anga a mbiri, amene anandilepheretsapo mayeso chifukwa chophonya deti ndi chaka chimodzi, adzakhala pamzere woyamba. Ndikalemba kuti munalipo, digiri yanga yafa. Ndikalemba kuti simunalipo, yafa ntchito. Pokonzekera njala, lamba ndaboola kale kabowo kena.

Chonde ndiyankheni lisanafike Lachitatu, tsiku losindikiza. Ngati simunalipo, lolani wopenta akusandutseni mtengo. Pamalopo pakufunikadi mthunzi. Ngati munalipodi, ndiye kuti ndinu chakale choposa zonse zimene tili nazo, ndipo malamulo akuti chotero chisungidwe mosamala. Bokosi lagalasi lilipo. Ndayeza jekete lija mumasiya pampando, mukwanamo bwinobwino.

Wanu wogwada, tepi yoyezera ili m'manja,
Wolemba zikwangwani