Nyanda, Chitedze ndi Apongozi Anga

Mpaka lero ndikamva munthu akuti kwabwera alendo ofuna kuona chikhalidwe chathu, thupi limayamba kundiyabwa lokha, kuyambira m'khosi kutsikira kumene sindingatchule. Mkazi wanga amati ndi ukalamba. Iyeyo akudziwa bwino kuti si ukalamba.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki wamng'ono pa ofesi ina yoyang'anira nkhalango, m'munsi mwa phiri kuno ku Dedza. Anali masiku aja khadi la chipani linali lofunika kuposa mchere: popanda ilo sulowa mumsika, sukwera basi. Ndinali mkamwini pamudzi wina wa kuseri kwa phirilo, ndipo vuto langa linali limodzi basi. Kuntchito anandipatsa nyumba ya malata, koma apongozi anga aakazi ankakana kwamtuwagalu kuti mwana wawo apite chitengwa. Amalume ake a mkazi wanga anali atavomera kale. Mayiwo ndiwo ankati mwamuna wovala taye, wa manja ofewa ngati papaya lakupsa, adzawaphera mwana ndi njala. Mawuwa ankandipeza kudzera mwa mkazi wanga, pajatu mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Mukakumana panjira, iwe wamng'ono umapatukira patchire mpaka adutse. Ndiye m'nyumba ya malata munkagona makoswe, ine ndikupalasa njinga m'mawa uliwonse kuchokera kuchikamwini. Zinkandiwawa, ndisaname.

Kenaka kunabwera alendo: ana a sukulu yaukachenjede ochokera kunja, ndi mphunzitsi wawo, mayi wamtali wa magalasi amene tinkangomutcha Dona. Atsikana anali atawamangitsa zitenje polowa m'dziko muno kuti mawondo asaoneke, anyamata atawameta monga mwa lamulo, moti onse ankaoneka ngati kwaya yosochera. Anati abwera kudzaphunzira kusamala nkhalango, koma osati za m'mabuku. Ankafuna kuyenda, kudya ndi kupuma limodzi ndi anthu eniake a m'nkhalango.

Bwana wathu anakanda mutu. Eniakewo anali atatsitsidwa m'phirimo kalekale, mitengo yawo n'kugwetsedwa, n'kudzalamo paini m'mizere. Nkhalango yachilengedwe inangotsala m'chigwa chimodzi chonyowa cha kumtunda, ndipo mwininkhalango aliyense wopezeka mmenemo ndi nkhuni ankagwidwa ndi galadi. (Macheka ankalira tsiku lonse, koma wowononga chilengedwe anali mayi wotola tinthambi touma. Musandifunse, ine ndinkangotayipa makalata.)

Apo ndinaona mwayi. Ndinati mbiri ikamveka kumudzi kuti mkamwini uja akutsogolera azungu, apongozi afewa mtima. Ndinauza bwana kuti asavutike, mwana wa m'nkhalango weniweni ndine ndemwe. Chonsecho ndinabadwira pa Boma, bambo anga anali telala pakhonde la sitolo, ndipo mtengo umene ndinkaudziwa bwino unali wa mapichesi wa kuseri kwa nyumba yathu.

Tsiku lodziwana ndinapita nditatchena taye yanga yofiira. Dona anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope n'kugwa, nafunsa kuti munthu wa m'nkhalango uja afika liti. Ndinamvetsa. Madzulo omwewo ndinapalasa mpaka ku Bembeke kwa mnzanga wina wophunzitsa katekisimu, n'kubwereka nyanda, nsalu ija ya khungwa la mtengo, imene ana ankavala pa sewero la Yohane Mbatizi. Inali yofumbwa, yaifupi, ndipo inasokedwera mwana wa Sitandade 4.

M'mawa wa ulendo kunali chisanu cha mwezi wa Julaye, chija cholowa mpaka m'mano. Ndinavala nyanda pamwamba pa malaya ndi kabudula wa khaki, ngati munthu wanzeru. Dona anaomba m'manja, koma atakweza kamera anati malayawo akuononga chithunzi. Ndinavula. Mnyamata wina analoza nsapato zanga. Ndinavula. Kenaka anati khaki ikuonekera m'munsi mwa nyanda. Apa mtima unandiuza kuti iwe, m'dziko limene likukaniza atsikana kuonetsa mawondo, ufuna uonetse chiyani? Koma ndinakumbukira nyumba ya malata. Ndinapita kuseri kwa ofesi, n'kubwerako mano akuombana, ulemu wanga wonse uli pa kaluzi kamodzi ka m'chiuno.

Tinanyamuka, ine patsogolo, alendo pakati, kumbuyo a Lufeyo, galadi wathu, ndi chibonga chawo. Titadutsa paini n'kulowa m'chigwa chija, ndinayamba kuphunzitsa. Mtengo uliwonse umene andifunsa ndinkaupatsa matenda ake: uwu ngwa mutu, uwu ngwa m'mimba, uwu ngwa mwamuna wosamva za mkazi wake. Iwo ankangogwedeza mitu ndi ulemu waukulu. Koma anali ndi khalidwe logwiragwira chilichonse, bowa, mbozi, ngakhale ndowe za nyani. Ndiye ndinawaimitsa n'kuwapatsa lamulo, ndi mawu okuya ngati a mzimu.

"M'nkhalango muno musafunse. Chimene ndichite ine, inunso chitani chomwecho, nthawi yomweyo."

Anavomera onse, ndipo anali ana omvera kwabasi. Ndikawerama, onse werame. Nditaponda munga n'kudumpha, mzere wonse unadumpha pamalo pomwepo. Kunena zoona ndinayamba kukoma nazo.

Tinafika pa kanjira kopapatiza, kumanzere phompho, kumanja tchire la ziyangoyango. Pamenepo ndinatembenuka n'kuyamba ulaliki wanga waukulu, wonena kuti ife anthu a m'nkhalango sitithyola ngakhale kanthambi osapempha kwa makolo, ndipo nkhuni za muno sitizikhudza n'komwe. Ndili mkati molankhula ndinaona maso a alendo achoka pa ine, akuyang'ana kumbuyo kwanga. Ndinacheuka.

Pakhota pa njirayo panatulukira mtolo wa nkhuni, waukulu woti n'kuphikira maliro. Pansi pa mtolowo panali apongozi anga.

Abale, mwambo sudikira nzeru. Mutu usanaganize, miyendo inali itachita kale zimene inaphunzitsidwa. Ndinadziponya kumanja, m'ziyangoyango muja, chafufumimba. Ndipo kumbuyo kwanga ndinamva phuu! phuu! phuu! Kalasi yonse, ndi Dona yemwe, kamera ili m'khosi, inanditsatira mokhulupirika.

Ndinakweza maso n'kuona tizikhokhombe ta ubweya wofiirira tikulendewera pamwamba pathu, fumbi lake likutsika pang'onopang'ono padzuwa. Ngakhale mwana wa telala amachidziwa chitedze.

Amene sanayabwidwepo ndi chitedze asanene kuti anavutikapo pa dziko lino. Alendowo chinawalowa m'makosi ndi m'mikono mokha, poti anali ovala. Ine ndinalibe poti n'kubisa. Ndinayesa kupirira, poti apongozi anali asanadutse, koma thupi linayaka moto paliponse nthawi imodzi. Ndinakanda ndi manja onse awiri, ndinadzikhula pamtengo, ndipo pamapeto ndinatumphukira panjira pomwepo, ndikuvina gule amene sanaonekepo m'Dedza muno. Kaluzi kaja kanapirira mmene kakanathera. Kenaka kanati thi! Yohane Mbatizi anagwa pansi.

Apongozi anga analibe kopatukira, kumbali kwawo kunali phompho. Ndi mtolo kumutu sakanathanso kutembenuka msanga. Anangoti, "Yesu, Maria!" n'kukokera nsonga ya mpango kumaso, koma mochedwa. Kenaka anayenda, pang'onopang'ono, mwaulemu ngati akupita kukalandira ukalistia, n'kudutsa pakati pa azungu ogubuduzika pansi, nkhuni zoletsedwazo zili neng'a pamutu. Woti awagwire panalibe. A Lufeyo anali atalowa m'tchire kukatulutsa Dona, ndipo tsopano chibonga chinali pansi, manja awo ali ndi ntchito ina.

Tinatsika phiri titadzipaka dothi thupi lonse, ine nditakulunga chitenje chobwereka kwa mtsikana mmodzi. Ndinkadziwa kuti ntchito yatha, ndipo za chitengwa ndiiwale. Koma tili pafupi ndi ofesi, Dona, maso ali psuu, khosi litatupa, anandifunsa motsitsa mawu ngati chimene chachitikacho unali mwambo wowalandira m'nkhalango, ndiponso ngati mayi uja anali wansembe wake. Ndinayang'ana a Lufeyo. A Lufeyo anayang'ana kumwamba. Ndinati inde, ndipo si alendo onse amene amachitiridwa zimenezi. Dona anagwetsa misozi yachisangalalo, akukanda. Bwana anandiyamikira pamaso pa onse. Ndikukhulupirira kwawoko alipo madokotala a zachilengedwe, a imvi tsopano, amene akuphunzitsabe ana kuti anthu a ku Dedza amalandira alendo ndi chitedze.

Kumudzi ndiye kunali kovuta. Ndinafika mozemba, n'kukhala m'nyumba masiku angapo ngati mayi wachikuta. Apongozi sanauze munthu zimene anaona, koma anasiya kudutsa mbali ya nyumba yathu, madzi ankakatunga kuchitsime chakutali, ndipo kutchalitchi anasamukira benchi ya kuseri kwa chipilala. Ine ndinkangodikira uthenga woti ndinyamule njinga yanga ndizipita ndekha, ndipo mantha anali atandigwira zenizeni, poti mkazi wangayo ndinkamukonda.

Uthenga unabweradi, kudzera mwa iye yemwe. Analowa, n'kukhala pamphasa, akulimbana ndi milomo yake kuti isaseke.

"Amayi akuti timange katundu, tizipita ku nyumba ya malata ija."

Ndinadzuka, mtima uli m'mwamba. Ndinafunsa ngati aona tsopano kuti ndine mwamuna waulemu, woti n'kudziponya m'chitedze chifukwa cha iwo.

"Ayi," anatero mkazi wanga. "Akuti mkamwini wawo amuona mokwanira moyo wawo wonse. M'mudzi umodzi simungakwanenso awiri."

Tinasamuka Loweruka lomwelo. Mayiwo anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ankatitumizira mbatatesi ndi nyemba chaka chilichonse, koma kwathu sanapondeko. Ana athu akamafunsa kuti ndinachita chiyani kuti agogo awo alole chitengwa, ndimawauza kuti ndinawaonetsa apongozi kuti ndine munthu wotani. Mayi awo amatuluka panja kukaseka.